Kuzolowera Kuthamanga pa Treadmill: Malangizo kwa Ongoyamba Kumene

Munthu wafika ndi nsapato zatsopano, wakwera pa treadmill, makina othamangirapo okhala ndi lamba woyenda pansi pa mapazi, wasuzumira kwa wa pambali pake n'kuona kuti ali pa liwiro la 10, nayenso n'kudina mpaka 10. Mphindi ziwiri zisanathe, manja akakamira pazitsulo, mutu wazolika, mpweya uli wefuwefu. Potsika akuona ngati pansi pakuyenda. Kukacha misongolo ili kuwawa, masitepe akutsika cham'mbali, ndipo mlandu waweruzidwa kale: "Makina amenewa si anga." Inenso ndinalankhulapo mawu omwewa, ndipo panapita miyezi ndisanabwererepo.

Vuto silikhala kuchepa mphamvu. Pa treadmill pali zinthu ziwiri zophunzira, makinawo ndi kuthamangako, ndiye ambiri amafuna kumeza zonse tsiku limodzi. Mukatopa pothamanga panja, miyendo imachepetsa yokha liwiro osakufunsani. Lamba wa treadmill satopa ndipo sadikira munthu. Mukamuuza 10, akupatsani 10 mpaka mutagwa. Tiyamba ndi makinawo, kuthamanga kubwera pambuyo.

Zofunika kukhala nazo

- Nsapato zothamangira. Kutsogolo kwa chala chachitali kutsale danga lokwana chala chachikulu cha dzanja, chifukwa phazi limafufuma pang'ono mukamathamanga. Zingwe mumange kawiri.
- Masokosi osakwinyika m'kati mwa nsapato, kuopa matuza.
- Zovala zopepuka, zosalendewera. Buluku lalitali lokhweka m'miyendo likhoza kukodwa.
- Botolo la madzi lotsegulika ndi dzanja limodzi, ndi kathawulo.
- Fani, kapena zenera lotsegula. Panja mphepo imakuumitsani thukuta mukamapita. M'chipinda mulibe mphepo imeneyo, ndiye thupi limatentha msanga.
- Kachingwe kachitetezo, kaja kokhala ndi kopanira mbali ina ndi kiyi wa maginito mbali inayo, nthawi zambiri wofiira. Makina ambiri sayaka n'komwe kiyiyo akachoka.
- Ngati makinawo ndi a kunyumba, kumbuyo kwake kukhale malo opanda kanthu pafupifupi mamita 2, ndipo m'mbali theka la mita. Treadmill yogunda khoma kumbuyo ndi yoopsa: mukagwa, lamba amakupanikizirani kukhomako uku akukusupulani khungu.
- Polemba: kope kapena foni.

Ngati muli ndi vuto la mtima, kuthamanga kwa magazi, shuga kapena mphumu, ngati ndinu oyembekezera, kapena mumamva chizungulire pafupipafupi, kambiranani ndi dokotala musanayambe.

1. Dziwani makinawo asanayambe kuyenda

Imani pansi muyang'ane mabatani. Pezani atatu: la Stop, la Speed lowonjezera ndi kuchepetsa liwiro, ndi la Incline lokweza kutsogolo kwa makina kuti pakhale chitunda. Ena onse, a mapulogalamu a mapiri, otentha mafuta ndi zina, asiyeni kaye. Kuwonjezera pa atatuwa, batani la Quick Start, loyambitsa lamba, ndi lokwanira mwezi wonse woyamba.

Ikani dzanja pa Stop kangapo osayang'ana, mpaka dzanja lidziwe lokha pamene batanilo lili. Tsiku limene mudzalifune simudzakhala ndi nthawi yofufuza.

Chenjezo: onani ngati liwiro likuwerengedwa m'makilomita kapena m'mamailosi. Mailo imodzi ndi makilomita 1.6. Pa makina a makilomita, 6 ndi kuyenda mwandawala. Pa makina a mamailosi, 6 yemweyo ndi makilomita pafupifupi 9.7 pa ola, kuthamanga kwenikweni. Amene wazolowera makina amodzi n'kupita pa ena amadzidzimuka ndi zimenezi.

2. Kwerani mwadongosolo

Pondani m'mbali mwa lamba, phazi lina uku lina uko, pamalo olimba osayenda aja. Panani kachingwe kachitetezo m'chiuno mwa kabudula, osati pansonga ya malaya pomwe kangasololoke. Bwererani m'mbuyo pang'ono muone kuti kiyi akuchokadi chingwe chikakoka, kenako mubwezeretseni.

Gwirani zitsulo, dinani Quick Start. Makina ambiri amawerenga 3, 2, 1, kenako lamba amayamba pang'onopang'ono, pa kilomita imodzi pa ola kapena kuchepera apo. Muyang'aneni akuyenda kwa masekondi angapo, pondani ndi phazi limodzi, lina litsatire, muyambe kuyenda. Kwezani liwiro pang'onopang'ono mpaka 3 kapena 4.

Chenjezo: lamba sasintha liwiro nthawi yomweyo mukadina. Amatenga masekondi angapo. Wongoyamba amadina, saona kusintha, n'kudinanso kasanu, ndiye zonse zimabwera pakamodzi. Dinani, dikirani, mumve kaye m'mapazi.

3. Phunzirani kuyenda osagwira zitsulo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu amadumpha. Masiku atatu oyamba musathamange ayi. Yendani mphindi 15 mpaka 20, ntchito yanu ikhale imodzi: kuchotsa manja pazitsulo.

Yambani ndi kumasula zala, chikhatho chingotsamira. Kenako tsalani ndi nsonga za zala. Chotsani dzanja limodzi, lizigwedezeka monga limachitira mukamayenda panjira. Likakhazikika, chotsani linalo kwa masekondi 10, mugwirenso, muchotsenso kwa masekondi 30. Mudzamva ngati mukupendapenda. Sikuti mwalephera. Maso akuuza ubongo kuti mwaima, poti khoma la kutsogolo silikusuntha, pomwe miyendo ikunena kuti muli pa ulendo. Ubongo umafuna kanthawi kuti ugwirizanitse mauthenga awiriwa, ndipo umazolowera ndithu.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira za zitsulo? Mukagwira, manja amanyamula gawo la thupi lanu, ndiye miyendo ndi mtima zimagwira ntchito yochepa kuposa imene sikirini ikunena. Msana umapindika, mapewa amakwera m'makutu, ndipo chiuno chimatsalira m'mbuyo. Choipa kwambiri n'chakuti zitsulo zimakubisirani zoona: zimakulolani kukhala pa liwiro limene thupi lanu silinafikepo. Ngati simungathe popanda kugwira, liwiro lachuluka. Tsitsani.

Okalamba, amene akuchira matenda, ndi onse amene dokotala wawauza kuti azigwira, agwire ndithu. Izi ndikunena kwa amene cholinga chawo ndi kuthamanga.

4. Konzani kaimidwe

Maso: yang'anani kutsogolo, pa chinthu chosasuntha chofanana ndi msinkhu wanu. Mtima umafuna kuyang'ana mapazi, koma mapazi amadziwa okha ntchito yawo, ndipo kuyang'anitsitsa lamba akuyenda kumabweretsa chizungulire.

Malo: khalani chapakati pa lamba. Mantha amakokera munthu kutsogolo mpaka mimba kugunda mabatani, ndiye manja amasowa poyenda ndipo nsapato imayamba kugunda chivundikiro cha injini. Mukamva kuti kho, kho kutsogoloko, bwererani pang'ono. Kachingwe kaja kakuthandizani kuyeza: kakhale kokhweka pang'ono, osati kokokeka, osatinso kolendewera mpaka m'mawondo.

Manja: zigongono zipindike, manja aziyenda kutsogolo ndi m'mbuyo, osati kudutsana pachifuwa. Musafumbate zibakera.

Mapazi: pondani pafupipafupi, phazi litere pansi pa thupi lanu. Musatambasule mwendo kukatera ndi chidendene patali kutsogolo, bondo lili nji, chifukwa kuteroko kuli ngati kuponda mabuleki pa sitepe iliyonse, ndipo bondo ndi msongolo ndi zimene zimalandira nkhonyazo. Treadmill ili ndi ubwino umodzi umene msewu ulibe: imakuuzani mmene mukupondera. Chotsani zomvera m'makutu mumvetsere. Ngati chipinda chonse chikumva di, di, di, fupikitsani sitepe mpaka phokoso lichepe.

5. Pezani liwiro lanu, osati la mnzanu

Tsiku lililonse lothamanga muyambe ndi kuyenda mphindi 5, kuchokera pa 4 kukwera mpaka 5.5 kapena 6, kuti thupi litenthe. Kenako wonjezerani pang'onopang'ono mpaka pamene kuyenda kwayamba kuvuta ndipo miyendo ikufuna yokha kuthamanga. Kwa ambiri malo amenewa ali chapakati pa makilomita 6.5 ndi 8 pa ola. Yambirani pomwepo. Zidzaoneka ngati masewera, ndipo mwina mudzachita manyazi poona ena akuuluka. Paja kuthamanga sikufika.

Muyeso wabwino uli pakamwa panu. Mukuthamanga, nenani chiganizo chathunthu mokweza pang'ono, monga "Lero ndithamanga mphindi makumi awiri kenako ndipuma." Ngati chatuluka chonse, muli bwino. Ngati mukudula mawu awiriawiri kuti mupume, tsitsani ndi 0.5 muyesenso pakapita mphindi imodzi.

Kuti manambala a pa sikirini akhale ndi tanthauzo: pa 6, kilomita imodzi imatenga mphindi 10, pa 8, mphindi 7 ndi theka, pa 10, mphindi 6, pa 12, mphindi 5.

Chenjezo: tizitsulo towala toyezera kugunda kwa mtima tomwe tili pa zogwirira musatidalire pothamanga. Zikhatho zathukuta ndi kugwedezeka zimasokoneza nambala, komanso timakubwezerani ku chizolowezi chogwira chija.

6. Sakanizani kuthamanga ndi kuyenda

Chitani masiku 3 pa sabata, pakati pazikhala tsiku lopuma. Nthawi zili m'munsizi sizikuphatikiza mphindi 5 zoyenda poyamba ndi mphindi 5 pomaliza.

- Sabata 1: kuyenda kokha, mphindi 15 mpaka 20.
- Sabata 2: thamangani mphindi 1, yendani 2, bwerezani ka 6.
- Sabata 3: thamangani 2, yendani 2, ka 5.
- Sabata 4: thamangani 3, yendani 2, ka 4.
- Sabata 5: thamangani 5, yendani 2, ka 3.
- Sabata 6: thamangani 8, yendani 2, thamanganinso 8.
- Sabata 7: thamangani 12, yendani 2, thamanganinso 8.
- Sabata 8: mphindi 20 osaima.

Ndondomekoyi si lamulo. Sabata ikakuvutani, ibwerezeni, ngakhale kawiri. Ine sabata yachisanu ndinakhalapo masabata atatu. Chimene simuyenera kuchita ndi kudumpha sabata chifukwa yakupepukirani. Chapakati pa ulendowu mudzaona kuti mpweya sukuvutanso, ndipo mtima udzayamba kukunong'onezani kuti muwonjezere zonse. Pamenepo ndi pamene anthu amavulala. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mafupa ndi mitsempha yolumikiza minofu ku mafupa zimalimba mochedwa. Chifuwa chikhoza kukhala chokonzeka pomwe msongolo sunakonzeke.

M'masabata onse 8 liwiro likhale lomwelo. Chokula ndi nthawi yokha. Mukafika mphindi 20 mpaka 30 osaima, pamenepo mukhoza kuyamba kuseweretsa liwiro. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuti pa sabata azichita mphindi 150 mpaka 300 za masewera olimbitsa thupi apakatikati, kapena mphindi 75 mpaka 150 za amphamvu. Amenewo ndi malo okafika, si poyambira.

7. Chitunda chibwere mochedwa

Mudzamva anthu akunena kuti treadmill iyenera kukhala pa chitunda cha 1 peresenti nthawi zonse. Langizoli linachokera pa kafukufuku wa mu 1996 wa Andrew Jones ndi Jonathan Doust, amene anapeza kuti chitunda chimenechi chimalowa m'malo mwa mphepo imene wothamanga panja amalimbana nayo. Koma anayesa anthu ozolowera kale, pa liwiro loyambira makilomita 10.5 pa ola kupita m'mwamba. Pa 7 kapena 8 mphepo yolimbana nayo ndi yochepa kwambiri, ndiye pa 0 kapena pa 1, zonse zili bwino.

Ngati mukufuna zitunda zenizeni, dikirani mpaka sabata yachinayi kapena yachisanu, ndipo muyambe ndi kuyenda: 2 kapena 3 peresenti kwa mphindi ziwiri, n'kutsitsa. Chitunda chimalemetsa akatumba ndi mtsempha waukulu wa kuseri kwa chidendene. Musakweze liwiro ndi chitunda tsiku limodzi.

8. Tsikani bwino

Mukamaliza kuthamanga musadine Stop nthawi yomweyo. Tsitsani mpaka 5, pakapita mphindi ziwiri 4, kenako 3, zonse pamodzi mphindi 5. Pamene mukuthamanga, minofu ya m'miyendo imathandiza kukankha magazi kubwerera kumtima. Mukaima mwadzidzidzi magazi amachedwa m'miyendo, kumutu kumapita ochepa, ndipo m'maso mumachita mdima.

Lamba akaima ndithu, gwirani chitsulo, imani masekondi angapo, chotsani kachingwe, tembenukani, tsikani mukuona pomwe mukuponda. Masitepe oyamba pansi amadabwitsa: mumamva ngati mukuyandama kapena ngati chipinda chikukudzerani mofulumira. Ndi ubongo uja ukubwerera m'malo mwake. Zimatha pakapita mphindi zochepa, ndipo zimanka zichepa mukamazolowera. Pukutani thukuta pa zogwirira, imwani madzi, lembani tsiku, nthawi, liwiro ndi mmene mwamvera.

Ululu uti ndi wabwinobwino?

Kuphwanya kwa ntchafu ndi akatumba, miyendo yonse iwiri, komwe kumabwera mawa lake, n'kukula tsiku lachiwiri, n'kutha pakapita masiku angapo, ndi kwa aliyense woyamba. Kuyenda pang'ono kumathandiza. Kubaya m'nthiti pothamanga nakonso sikoopsa: tsitsani liwiro, pumani mozama, ndipo ulendo wina musakwere mutangokhuta.

Ululu wobaya pamalo amodzi oti mungaloze ndi chala, wokula mukamapitiriza, kapena wokuchititsani kutsimphina, umenewo ndi wina. Lekani, pumani masiku angapo, ndipo ngati sukusintha kaonaneni ndi achipatala. Koma kupweteka kapena kuthina pachifuwa, ululu wotsikira m'dzanja kapena wokwera m'nsagwada, kubanika kosagwirizana ndi liwiro lanu, kapena kumva ngati mukomoka: dinani Stop pomwepo, itanani munthu, pitani kuchipatala msanga.

Nanga kutopa ndi kuyang'ana khoma?

Tinene zoona, treadmill imagwetsa ulesi. Mphindi imodzi pamenepo imatalika ngati ya munthu wodikira madzi kuti awire. Wotchi ya pa sikirini ndi imene imawonjezera mavuto, ndiye iphimbeni ndi kathawulo, muzisuzumira pofuna kusintha liwiro basi. Nyimbo ndi nkhani zomvetsera zimathandiza mukazolowera kupondako. Ngati mukuonera kanema, akhale kutsogolo kwenikweni, kufanana ndi maso. Kanema wa pambali amakokera mutu, ndipo komwe mutu wapita mapazi amatsatira.

Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Kucheuka. Wina wakuitanani kumbuyo, mwatembenuka, phazi laponda theka pa lamba theka pambali posayenda. Kugwa kwambiri kumayamba choncho. Ine zinandichitikira foni itagwa m'thumba: ndisanaganize n'komwe ndinali nditawerama kuti nditole, lamba anandikokera m'mbuyo, ndipo chinandipulumutsa ndi kachingwe kaja. Kiyi anachoka, makina n'kuima, ine ndili chigwadire, bondo litasupuka. Chinthu chikagwa chisiyeni chipite. Imitsani makina, kenako mutole.

Kusiya kachingwe kakulendewera pa makina chifukwa "ndikungoyenda". Sekondi imodzi ndi yokwana kukapana.

Kudumphira m'mbali lamba akuthamanga kuti mupume, kenako n'kudumphiranso pakati. Mudzaona ozolowera akuchita zimenezi. Inu tsitsani liwiro ndi batani.

Kukweza chitunda mpaka 12 n'kukakamira zitsulo, thupi litagonera m'mbuyo ngati munthu wokoka chingwe. Mukatero chitundacho mwachifafaniza nokha, ndipo chimene mwapindula ndi kuwawa kwa mapewa ndi msana.

Kukhulupirira nambala ya makalori, yosonyeza mphamvu imene thupi lagwiritsa ntchito. Makina amangoyerekeza, ndipo ngati simunalowetse kulemera kwanu akuwerengera thupi la munthu wina. Nthawi ndi mtunda ndi zimene mungadalire kwambiri, ngakhale mtundawo umasiyanako pakati pa makina ndi makina.

Kuthamanga tsiku ndi tsiku chifukwa changu chakugwirani. Thupi limalimba pa tsiku lopuma lija.

Kuganiza kuti mphindi 20 za pa treadmill zikhala chimodzimodzi panja. Kunja kuli mphepo, zitunda, zokhota ndi nthaka yolimba, ndipo kulibe lamba wokusungirani liwiro. Tsiku loyamba kutuluka, chepetsani nthawi ndi liwiro.

Kutsika n'kusiya lamba akuyenda "kwa kamphindi". Wobwera pambuyo saona kuti akuyenda, amangoponda.

Kusiya kiyi pa makina m'nyumba momwe muli ana kapena ziweto. Lamba woyenda amakoka kadzanja ka mwana n'kukasupula ngati moto. Mu 2021 kampani ya Peloton inapempha anthu a ku America kuti abweze makina ake a Tread+ mwana wina atamwalira ndipo ena atavulala pokokeredwa pansi pa makinawo. Mukamathamanga tsekani chitseko, chifukwa mwana wobwera kumbuyo simumuona ndipo phokoso la injini limabisa mapazi ake. Mukamaliza zimitsani, zulani pulagi kukhoma, ndipo kiyiyo mukamuike pamwamba pomwe mwana sangafike.